Musanadzole Kumaso, Yambani Mwayesa Pamkono

Chaka chomwe ndinapaka ndimu kumaso sindidzachiiwala. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Kasungu likuswa mtengo. Mnzanga wina wa ku banki m'khonde anandiuza kuti madontho akuda amene ziphuphu zinandisiyira m'masaya atha ndi madzi a ndimu, poti n'zachilengedwe, zopanda mankhwala. M'mawa ndinafinyira ndimu m'kambale, kupaka nkhope yonse, n'kunyamuka wapansi ulendo wa kumsika. Pofika madzulo nkhope inkawotcha ngati ndawothera moto wa zitsononkho. Patatha masiku atatu panatuluka zigamba zakuda kuposa madontho amene ndinkafuna kuchotsawo, ndipo zinatenga miyezi kuti zizilale. Apongozi anga atandiona anangopukusa mutu, amvekere, "Safunsa anadya phula, mwana wanga."

Chinachitika n'chosavuta kufotokoza. Khungu la munthu lili ndi kaasidi kake kochepa, pamuyezo wa asidi wotchedwa pH, pamene nambala ikamachepa asidi amakhala wochuluka, limakhala cha pa 5. Madzi a ndimu ali cha pa 2, asidi woopsa pakhungu lofewa ngati la kumaso. Kuwonjezera apo, m'ndimu ndi zipatso za mtundu wake muli zinthu zimene zikakhala pakhungu n'kukumana ndi dzuwa zimawotcha, n'kusiya zipsera zoderako. Ndiye mukamva wina akuti "musaope, n'zachilengedwe," kumbukirani kuti chitedze nachonso n'chachilengedwe, koma palibe amene amadzola.

Sindikunyoza za kumunda ndi kudimba ayi. Ine ndemwe lero ndimadzola mafuta a mpendadzuwa ndi uchi, ndipo zimandiyanja. Chofunika ndi kayesedwe kake.

Dziwani kaye khungu lanu

Sankhani tsiku limene simukupita kutali. Sambani kumaso ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosambira, osati wochapira zovala. Pukutani modinda ndi kansalu koyera, osakhula. Kenako khalani ola lathunthu pamthunzi osadzola kanthu. Ola likakwana tengani tishu, mudinde pamphumi, pamphuno, pachibwano ndi m'masaya, n'kuyang'ana powala.

Tishu akakhala ndi mafuta ponse pamene mwadinda, nkhope ili phuliphuli, khungu lanu ndi la mafuta. Akatuluka wouma, inu n'kumamva khungu kukoka mukamaseka, mwinanso timamba toyera tikuoneka m'mbali mwa mphuno, ndi louma. Ambirife tili pakati: mphumi ndi mphuno zamafuta, masaya ouma. Palinso khungu losachedwa kukwiya, lija limayabwa, kutentha kapena kutuluka ziwengo mukangosintha sopo. Limeneli likhoza kukhala louma kapena la mafuta, koma mwini wake amalidziwa kale, sasowa tishu.

Muyezo umenewu musaupange kamodzi n'kuti basi. Kuno kwathu khungu limasintha ndi nyengo. Mu Juni ndi Julayi, mphepo yozizira ikamawomba, ngakhale munthu wa khungu la mafuta amatuwa mbuu m'miyendo, milomo kuthetheka. Okutobala ndi Novembala thukuta limasakanikirana ndi fumbi, ziphuphu n'kubuka ngakhale kwa amene sazidziwa. Chimene chinakuyanjani m'chisanu chikhoza kukutsekani timabowo ta pakhungu m'chilimwe.

Funsani kumene chachokera

Mabotolo ambiri a m'mashopu ndi a pa Facebook amalembedwa kuti organic. Liwulo tanthauzo lake ndi lakuti mbewu imene anapangira chinthucho inalimidwa popanda feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo a kufakitale. Koma kulemba liwu pa botolo aliyense angathe. Tembenuzani botololo muwerenge zimene zili m'katimo. Onani ngati pali dzina ndi keyala ya wopanga, tsiku lothera ntchito, komanso ngati ndi chopangidwa kuno, chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Mafuta a m'kabotolo kopanda chilembo chilichonse, amene wogulitsa akungoti "ndimasakaniza ndekha, chinsinsi changa," asiyeni, ngakhale atakhala mlamu wanu.

Makamaka chenjerani ndi ofuna kukuyeretsani m'sabata imodzi. Palibe tsamba kapena chipatso chimene chimayeretsa munthu mwachangu chotero. Mafuta otere kawirikawiri amabisamo mankhwala amphamvu monga clobetasol, betamethasone, hydroquinone, ena mpaka mercury. Oyamba awiriwo amapepula khungu mpaka mitsempha kuonekera, amabweretsa mizere yong'ambika ndi ziphuphu, ndipo mukawasiya mwadzidzidzi khungu limabwezera ndi kuyabwa koopsa. Hydroquinone akadzoledwa nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda bii m'masaya zovuta kuchiza. Mercury amawononga impso. Ngati mwadzola kale zotere kwa miyezi, pitani kuchipatala akakuuzeni kasiyidwe kake, musayambe ndi alovera poganiza kuti azimitsa motowo.

Za pakhomo nazo zili ndi funso lake, makamaka ife a dera la fodya. Alovera kapena cham'mwamba chimene chamera m'mphepete mwa nazale ya fodya kapena dimba la tomato, kumene bambo amapopera mankhwala sabata ndi sabata, sichoyenera kumaso. Dzalani tsinde lanu kuseri kwa nyumba, m'chidebe chakutha, kutali ndi sipuleya. Alovera safuna madzi ambiri, amapirira ngakhale mumuiwale.

Yesani pamkono, chinthu chimodzi basi

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo m'pamene ambiri amadumpha. Tengani kadontho ka chimene mukufuna kuyesacho, mupake m'kati mwa mkono, pafupi ndi popindira chigongono, pamalo pakakulu ngati kandalama kachitsulo. Ngati ndi mafuta odzola, asiyeni pomwepo. Ngati ndi chopaka n'kutsuka, monga uchi kapena peyala, dikirani mphindi 10 kapena 15 n'kutsuka. Bwerezani m'mawa ndi madzulo, pamalo omwewo, kwa sabata yathunthu.

Mungafunse kuti sabata yonse bwanji. Chifukwa khungu limakana m'njira ziwiri. Pali kuwotcha kwa pompopompo, kumene mumakumva m'mphindi zochepa. Palinso kukana kochedwa, kumene thupi limadzaonetsa patatha masiku awiri kapena atatu, mwinanso kupitirira, ndi timatuza kapena ziwengo zoyabwa. Amene wayesa tsiku limodzi n'kuthamangira kumaso amakumana ndi kwachiwiriku nkhope yonse itadzoledwa kale.

Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho musadalire maso okha. Sisitani ndi chala: ngati pakhakhala, patupa, patentha, pakuyabwa kapena paderako, tsukani ndi madzi ambiri ndipo chinthucho si chanu. Koma milomo kapena zikope zikatupa, kapena mpweya ukayamba kubanika, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala.

Pamkono pakakhala bwinobwino, sunthirani m'mbali mwa chibwano, pansi pa khutu, masiku ena atatu. Kenako nkhope yonse, kamodzi patsiku, madzulo. Ndipo nthawi yonseyi musasinthe china chilichonse: sopo yemweyo, mafuta a thupi omwewo. Mukayamba uchi, alovera ndi sopo wa nimu tsiku limodzi, n'kutuluka ziwengo, mudzaloza chiti? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Khungu louma

Ili ndi limene limapindula kwambiri ndi za kwathu kuno. Ine ndimayambira pa mafuta a mpendadzuwa, omwe aja oyengedwa pa makina a m'misika ya kuno ndi ku Mchinji. Ali ndi mtundu wa mafuta umene umathandiza khungu kusunga chinyezi, ndi opepuka, ndipo mtengo wake sulira kugulitsa mbuzi. Gulani ongoyengedwa kumene, muwasefe ndi kansalu koyera, muthire m'kabotolo kakekake. Osatapa m'botolo la kukhitchini lomwe supuni ya ndiwo imalowamo.

Chinsinsi ndi nthawi yodzolera. Mafuta sabweretsa madzi pakhungu, amangotsekera amene alipo kale. Choncho dzolani mukangochoka kubafa, thupi likadali lachinyezi, musanaume. Kumaso madontho awiri kapena atatu akwana, muwatikite m'manja kaye n'kudinda m'masaya. Amene amadzola masana pakhungu louma kale amangowala kunja, m'kati muli mbuu.

Mafuta a nsatsi ndiwo a makolo athu. Ndimakumbukira agogo anga akukazinga nsatsi m'phale, kusinja mumtondo mpaka phala, kuwiritsa mumphika wa madzi n'kumayengula mafuta oyandama pamwamba ndi chipande, fungo lake lili guu bwalo lonse. Ndi olemera ndiponso omata, ndiye ndi abwino m'zigongono, m'maondo ndi ku zidendene zong'ambika, koma kumaso amalemera. Mukafuna, sakanizani gawo limodzi la nsatsi ndi magawo atatu a mpendadzuwa. Njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa zikatafunidwa, choncho ngati mukuyenga nokha, ana asayandikire lichero, ndipo zotsalira musatayire kumene mbuzi ndi nkhuku zimadya.

Za zidendene ndinene pang'ono, poti amayi ambiri timavutika nazo m'chilimwe. Viikani mapazi m'madzi ofunda mphindi 10, khulani pang'onopang'ono ndi mwala, osati lumo, pakani nsatsi kapena Vaseline, valani masokosi n'kugona. Sabata imodzi kapena ziwiri mudzaona kusintha. Odwala shuga asakhule okha, kabala kakang'ono ka kuphazi kwa iwo kamakula msanga.

Mafuta a malambe ndi a cham'mwamba nawonso ndi abwino pakhungu louma, kungoti a malambe amachokera kutali, madera otentha monga Salima ndi Mangochi kumene milambe ili mbwee, ndiye amadula. A cham'mwamba ubwino wake sachedwa kulowa ndipo amakhalitsa osasasa. Nyengo ya mapeyala, phwanyani kachidutswa kakupsa bwino, muthiremo theka la supuni yaing'ono ya uchi, mupake mphindi 15 n'kutsuka, kamodzi pasabata. Lotsalalo idyani, kumeneko ndiye limagwira ntchito yaikulu.

Pa mtedza, ngakhale uli chuma chathu, pali chenjezo limodzi: mafuta ake musadzoze khanda limene lili ndi khungu loyabwa kapena losupuka, chifukwa zingachititse kuti thupi lake lidzayambe kudana ndi mtedza.

Khungu la mafuta ndi ziphuphu

Cholakwa chachikulu apa ndi kulimbana ndi nkhope ngati mukutsuka poto. Sopo wochapira zovala ndi wamphamvu, pH yake imafika 10 kapena kuposa, amachotsa mafuta onse n'kusiya khungu lokwiya. Chinkhupule n'cha kumsana ndi m'miyendo, osati kumaso, ndipo mukatha kusamba chiyanikeni padzuwa, chikamakhala chonyowa m'bafa chimasunga tizilombo. Kumaso sambani kawiri patsiku ndi zala zokha, kuwonjezera kamodzi ngati mwatuluka thukuta kumunda.

Alovera amayanja khungu lotere chifukwa amanyowetsa popanda mafuta. Koma kakonzedwe kake ndi kofunika. Dulani tsamba lokhwima la m'munsi, muliimike m'kapu chodulidwacho chili pansi kwa mphindi 15. Mudzaona madzi achikasu owawa akudontha. Amenewo ndiwo amayabwa, atayeni. Tsukani tsambalo, sendani minga ya m'mbali ndi khungu lobiriwira, mutenge choyera cha m'kati chonga phala, mutsukenso kamodzi. Pakani mopyapyala madzulo. Ena amati alovera anawayabwa pamene chinawayabwa ndi madzi achikasu aja. Komabe alipo amene thupi lawo limamukanadi, n'chifukwa chake mkono uja sudumphidwa.

Uchi weniweni umalepheretsa tizilombo kuswana ndipo umakoka chinyezi. Pakani pang'ono pakhungu lonyowa, mphindi 10, kawiri pasabata. Vuto ndi kupeza weniweni, poti wina wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu amathiramo shuga wosungunula. Ine ndimagula kwa mlimi wa njuchi amene ndikumudziwa wa cha kufupi ndi nkhalango ya Kasungu National Park. Amene amatupa kwambiri akalumidwa ndi njuchi asamale nawo.

Mafuta a kokonati, amene amatamandidwa kwambiri pa intaneti, amatseka timabowo ta kumaso kwa anthu ambiri a ziphuphu. Asungireni tsitsi ndi miyendo. Onaninso mafuta a m'mutu amene mumadzola mukaluka: akamatsikira pamphumi ndi thukuta amabala tiziphuphu ting'onoting'ono m'mphepete mwa tsitsi, inu n'kumanamizira mtedza umene munadya dzulo. Duku ndi nsalu ya pilo muzichapa sabata iliyonse.

Zimene sindidzapakanso, kapena kulola mwana wanga kupaka, ndi izi: ndimu, adyo, soda, mankhwala otsukira mano, ndi utomoni wa papaya wosapsa. Adyo amawotcha mpaka matuza. Ndipo musafinye ziphuphu. Pakhungu lathu lakuda chilichonse chimene chatupa kapena kupsa chimasiya dontho, ndipo dontholo limatenga miyezi kuti lizilale. Dzuwa limalidetsa kwambiri, choncho chipewa cha mlaza kapena ambulera zimachita zambiri kuposa chopaka chilichonse cha m'khitchini.

A khungu la pakati, musavutike kufuna chinthu chimodzi cha nkhope yonse. Alovera pamphumi ndi pamphuno, dontho la mafuta m'masaya, mwatha.

Khungu losachedwa kukwiya

Kwa inu malangizo ndi aafupi: zochepa, zopanda fungo. Mafuta onunkhira a bulugamu, a mandimu kapena a maluwa, ngakhale ali ochokera ku zomera, ndiwo amayambitsa ziwengo kawirikawiri. Sopo wa nimu ndi zokhulira za shuga kapena mchere zisiyeni. Ndinene mosabisa, kwa anthu ambiri a khungu lotere Vaseline woyera wopanda fungo amaposa zachilengedwe zambiri, chifukwa n'kamodzikamodzi kuti thupi limukane. Pamkono yesani masiku 10 m'malo mwa 7.

Abale athu achialubino, palibe mafuta a mbewu iliyonse amene angalowe m'malo mwa mafuta oteteza ku dzuwa. Pamafunika a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yoteteza ku dzuwa), chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali. Funsani ku chipatala cha boma, ndipo kachilonda kalikonse kosapola kakaonedwe msanga.

Dikirani, ndipo lembani

Khungu la pamwamba limatenga pafupifupi milungu inayi kuti lisinthike lonse. Kufewa mudzakumva m'masiku ochepa, koma za ziphuphu ndi madontho musaweruze milungu 6 kapena 8 isanakwane. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Jambulani nkhope ndi foni tsiku loyamba, pakhonde, m'mawa, kenako sabata iliyonse pamalo omwewo ndi nthawi yomweyo. Galasi limanama chifukwa mumaliona tsiku ndi tsiku. Kuseri kwa kope la banki m'khonde ine ndinalembako masiku: tsiku loyamba kudzola, chimene ndadzola, ndi masiku a kumwezi, poti ziphuphu zambiri za amayi zimabwera nthawi imeneyo ngakhale usadzole kanthu, ndiye ukhoza kutaya chinthu chabwino pochinamizira.

Zopanga nokha sizikhalitsa, mulibe mankhwala oletsa kuwola. Chilichonse chokhala ndi madzi, alovera, peyala kapena nkhaka, konzani cha tsiku lomwelo. Mu fuliji alovera angakhale masiku ochepa, osapitirira sabata, koma ndi kuthimathima kwa magetsi ndibwino kungodula kachidutswa kokwanira tsikulo. Mafuta sungani m'botolo lakuda kapena lokulunga ndi pepala, lotseka bwino, kutali ndi zenera ndi mbaula. Akayamba fungo la mtedza wakale, atha ntchito.

Zina si za kudzola

Pali zovuta za pakhungu zimene uchi ndi alovera zimangochedwetsa. Zipere zimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu, zimafuna mankhwala opaka monga clotrimazole, ndipo za m'mutu mwa ana zimafuna akumwa. Mphere, zija zoyabwa usiku m'mipata ya zala, zimafuna kuti banja lonse lilandire mankhwala nthawi imodzi ndi kuchapa zofunda, apo ayi zimangozungulira m'nyumba. Chigamba choyererako chimene simumva kanthu mukachikhudza ndi kaudzu chikhoza kukhala khate, limene limachizika ndipo mankhwala ake ndi aulere.

China chimaoneka zaka za njala, ndiwo zikasowa, anthu akudalira nsima yokha. Khungu la m'khosi ndi kuseri kwa manja, pamene dzuwa limawomba, limada n'kumasupuka ngati lapsa, nthawi zina pamodzi ndi kutsegula m'mimba. Matendawa madokotala amati pellagra, amabwera thupi likasowa vitamini B3. Mukaona zotere pa agogo kapena pa mwana, musataye nthawi ndi nsatsi. Apititseni kuchipatala, ndipo pobwera muwasinjire nsinjiro zothira m'phala ndi m'ndiwo zamasamba, poti mtedza uli ndi vitamini ameneyu wambiri.